Tsiku Limene Ndinakhala Pansi Kutsogolo kwa Lole ya Maliro

Ana anga, Mavuto, Tisa ndi Yamikani, mutu uno ndaulemba chifukwa cha mzere umodzi. M'buku la misonkhano la bungwe lathu la maliro kuno ku komboni ya George, mlembi analemba kuti maliro a ba Mwila anachedwa ola limodzi ndi theka chifukwa cha vuto la makaniko. Vuto la makaniko! Makanikoyo ndinali ine. Ndinalemba makalata awiri opempha kuti mzerewo ukonzedwe, ndipo makope ake ali mu fayilo yobiriwira, m'sutikesi ya pamwamba pa kabati. Kalata yoyamba anati inanyowa ndi mvula. Yachiwiri sanayankhe n'komwe. Tsono popeza buku lawo lidzakhalapo ine nditapita, langanso likhalepo.

Chaka changa choyamba pa ntchito

Za ubwana wanga ku Katete sindinena. Amayi anu anakuuzani kale, ndipo zina anawonjezera. Ndinafika mu Lusaka ndi pepala la sukulu ya zaumisiri ndi masipanala atatu, ndipo ntchito yoyamba ndinaipeza pa kampani yophika buledi, imene inali ndi magalimoto asanu ndi awiri operekera buledi m'makomboni. Kampaniyo inatha kalekale. Kapitawo wa galaji anali ba Mulenga, munthu wamfupi wochokera ku migodi, amene ankayankhula Chinyanja ngati ali ndi mwala m'kamwa. Nthawi imeneyo zipangizo zinkasowa koopsa. Gasiketi tinkadula pa makatoni a sopo, mapulagi tinkawapala ndi kuwabwezera mpaka atatheratu, ndipo nati ikagwera m'dothi ntchito inkaima mpaka ipezeke. Ba Mulenga ndiwo anandizoloweza kulemba chilichonse pa khadi: tsiku, galimoto, chimene wapeza, chimene wachita. Ankati mutu wa munthu umatembenuka, koma pepala limakhala mmene unalisiyira.

M'dzinja la chaka chomwecho galimoto yathu imodzi inazima m'madzi ku Kanyama. Mukudziwa mmene Kanyama imakhalira mu Januwale, msewu ndi ngalande zimasanduka chinthu chimodzi. Woyendetsa anapotoza kiyi, injini inangoti khu. Pamenepo anthu, mwa chifundo chawo, anatuluka m'nyumba kudzakankha. Pano pa Lusaka galimoto ikafa mankhwala ake ndi amodzi, kukankha, ndipo palibe amafunsa chimene yafera. Anaikankha, woyendetsa anaika giya yachiwiri n'kusiya kilatchi. Titatsegula injiniyo ku galaji tinapeza mkono wa pisitoni, chitsulo chimene chimalumikiza pisitoni ku shafuti, utapindika ngati zenga, nsonga yake itaboola khoma la injini. Ine sindinamvetse kuti madzi wamba angapinde bwanji chitsulo chotere. Ba Mulenga anatenga pampu ya njinga, nandiuza kuti nditseke kukamwa kwake ndi chala n'kukankha. Ndodo inalowa. Kenaka anaidzaza madzi.

"Manje kankha futi," anatero.

Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse. Siinasunthe.

"Waona, mwaiche? Mphepo imamvera, ukaifinya imachepa. Manzi siyafinyika. Pisitoni ikapeza manzi pamwamba, chimozi chifunika kugonja, ndipo manzi siyagonja. Injini ikati khu, osaikakamiza. Uyambe wafunsa chamene yamwa."

Galimoto ija inakhala pa miyala miyezi isanu ndi inayi, kudikira injini imene siinabwere.

Zaka za mabasi ku Matero

Kampani itatsekedwa, chaka chimene Tisa anabadwa, ndinalowa ntchito kwa ba Kasonde, mwini timabasi tisanu ndi kamodzi toyenda pakati pa Matero ndi m'tauni. Anali munthu wosaipa mtima, koma basi yoima m'galaji inkamupweteka ngati dzino. Mawu ake a m'mawa anali akuti, "Ba Njobvu, iyi iyenda taimu bwanji?" Kumeneko ndinakhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zomalizira ndi pamene timabotolo totsukira injini tinadzaza m'misika. Sindikunyoza tonse. Tina ndi tabwino, ndipo ndatigwiritsa ntchito ndekha. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti palibe ankawerenga pepala la pa botolo. Anthu amene amawerenga uthenga wa pa foni mpaka katatu ankalephera kuwerenga mizere inayi.

Mankhwala amenewa sali mtundu umodzi. Alipo othira m'thanki ya mafuta, pa mlingo umene walembedwa. Alipo othira mu oyilo wakale, injini n'kulira pang'onopang'ono galimoto ili chiimire kwa mphindi zimene alemba, kenaka oyiloyo n'kumukhetsa yense ndi kusintha sefa. Amenewa suyenda nawo pamsewu. Ndipo alipo opopera kukhosi kwa injini, kumene kumalowera mpweya. Amenewa amafuna injini yofunda, ikulira, ndipo umapopera pang'onopang'ono ngati ukuwaza madzi pa malaya posita. Suthira ngati ukudzaza ketulo, ndipo suthira injini ili chizimire, chifukwa injini siidziwa kusiyana kwa mankhwala ogula ndi madzi a ku Kanyama. Zonse ndi zamadzi, zonse sizifinyika. Ndinalemba malamulo amenewa pa katoni n'kukhoma pa khomo la galaji. Oyendetsa mabasi anayamba kunditchula kuti ba hedimasitala. Mmodzi anandiuza kuti, "Mudala, imwe muopa vinthu va manje. Uyu munkhwala ni wakunja, umatsuka monga sopo." Ndinamuyankha kuti sopo nayenso samwedwa. Mapepala a pa mabotolo ndinkawamatula n'kuwasunga, mtundu uliwonse limodzi, ndipo alipo mpaka lero. Pa zaka zonsezo palibe basi ya ba Kasonde imene inafa ndi botolo. Pamene ndinkatsazika, mawondo atayamba kuvuta, iwo sanatchule zimenezo. Anangoti ndinali wochedwa koma wokhulupirika.

Chaka chimene ndinapuma

Ndinali ndisanathe mwezi pakhomo pamene a bungwe la maliro anabwera. Bungweli ndi la mabanja a m'mipingo ingapo ya kuno ku George, ndipo chuma chake chachikulu chinali lole imodzi yakale ya petulo, yonyamula bokosi ndi olira a mabanja amene sakanatha kupeza galimoto ina. Wapampando anali ba Kapembwa, amene anali kalaliki asanapume, munthu wokonda kuti zinthu zioneke bwino pamaso pa anthu. Woyendetsa anali Gift, bambo wa ana atatu, wa mpingo wina wa Pentekoste, woyendetsa bwino ndithu ndipo wosamwa mowa. Ine anandipempha kuti ndiziyang'anira loleyo, ndipo ndinavomera.

Loleyo inali ndi vuto limodzi lodziwika. Timphira ta pa mavavu tinali titatha, choncho ikangolira inkatulutsa utsi wabuluu, ndipo utsiwo unkakwera kumbuyo kumene amayi amakhala ndi mabulauzi awo oyera a mpingo. Ndinalembera komiti katatu kuti tigule timphirato. Katatu konse anati tiona. Amene ankalandira chipongwe anali Gift. Maliro aliwonse amayi ankamunena kuti, "Iwe Gift, utipeleka kumanda olo utiwamba monga nsomba?" Iye ankaseka, koma ndinkaona kuti zinkamulowa.

Lachinayi la mu Malichi, chaka changa chachinayi ku bungwe

Ba Mwila anali kalipentala, nyumba yawo inali mzere wachitatu kuchokera pa yathu. Anadwala masiku asanu okha, mimba inatupa, n'kumwalira. Anasiya mkazi, amake Chanda, mayi wa ku Petauke wogulitsa tomato, ndi ana anayi m'nyumba ya zipinda zitatu imene awiriwo anamanga pang'onopang'ono. Abale a mwamuna anabwera kuchokera kumpoto, motsogozedwa ndi mkulu wake wa malemu, ba Lombe. Kuyambira tsiku loyamba pa nyumba ya maliro panali mpweya woipa. Alongo a malemu ankanong'onezana kuti munthu safa masiku asanu popanda dzanja la wina, ndipo ba Lombe anaonedwa akuzungulira nyumba, akuyang'ana malata ndi zitseko. Amake Chanda anangokhala pa mphasa, mutu uli pansi.

Lachitatu ndinaiona lole yonse: oyilo, madzi, mabuleki, batire. Khadi lake lilipo. Lachinayi m'mawa inanyamula bokosi kuchokera ku chipatala mpaka ku tchalitchi popanda vuto lililonse, ndipo Gift anaiimika panja, pamene msewu umayamba kutsetsereka kulowera ku msika. Ine ndinalowa m'tchalitchi ngati wolira wina aliyense, nditavala suti yanga yakuda. Mapemphero atatha bokosi linakwezedwa, amayi anakwera n'kukhala mozungulira, ndipo Gift anapotoza kiyi. Injini inati khu. Ndinali chapatali, ndikupatsa moni anthu, koma phokosolo linandilowa m'mafupa. Anapotozanso. Khu.

"Gift, siya!" ndinakuwa. "Chotsa kwanja pa kiyi!"

Anthu anali atayamba kale kung'ung'udza. Mukudziwa chimene chimanenedwa galimoto ya maliro ikakana kuyenda: amati womwalirayo ndiye wakana. Ba Lombe anavula chipewa, nayang'ana anthu onse pang'onopang'ono.

"Mwaona mweka," anatero. "Motoka yabwela bwino. Manje mufana wanga akana kuyenda. Alipo wamene amuziba."

Sanatchule dzina. Anangotembenuza mutu kuyang'ana amake Chanda, amene anali ataima pansi, atagwiridwa ndi amayi awiri, akudikira kukwezedwa. Mlongo wina wa malemu anayamba kulira mokweza m'Chibemba, chala chili kwa mkaziyo. Ndinaona mwana wamkulu, Chanda, akugwira chitenje cha amake.

Ba Kapembwa anafuna kuthetsa manyazi msanga. "Ni batili chabe," anatero. "Bamuna, tiyeni kumbuyo! Gift, ika sekondi!"

Amuna oposa makumi awiri anavula majekete n'kuika mapewa ku lole. Ana anga, mumvetse chimene ndinaona m'maganizo mwanga pa mphindi imeneyo. Lole yodzaza anthu, pamtsetse, ikukankhidwa ndi amuna makumi awiri, Gift n'kusiya kilatchi. Ngati m'silinda, mmene mumayenda pisitoni, munali zamadzi, mkono wa pisitoni ukanathyoka ndi phokoso ngati mfuti, oyilo wakuda akanatayikira pamsewu pansi pa bokosi, ndipo loleyo siikanayendanso tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndani akanauza ba Lombe kuti chimenecho ndi chitsulo chabe? Amake Chanda akanatuluka m'nyumba yawo ndi chitenje chimodzi, ndipo dzina la mfiti likanawatsata mpaka ku Petauke. Kukuwa ndinakuwa, koma mawu a munthu mmodzi samveka pakati pa anthu ofuna kuthandiza. Choncho ndinathamanga ndi mawondo anga omwewa, n'kukhala pansi m'matope kutsogolo kwa gudumu la kumanja.

Gift anaponda buleki. Amuna a kumbuyo anagundana.

"Ba Njobvu, mwafuntha?" anatero ba Kapembwa. "Chokaniponi apo! Pali chitumbi cha ba Mwila pamwamba apa!"

"Niziba. Mukafuna kukankha, muzanyamula vitumbi viwili."

"Muchititsa nsoni bungwe pamenso pa balendo."

"Nipatseni ola imozi."

"Ola! Manda yazazula manzi, mvula ili pafupi!"

Amayi anu anatulukira pakati pa anthu, nandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku nsapato. "Atate ake Mavuto," anatero, "suti imeneyo ndi ya ukwati wa Tisa." Ndinawayankha kuti ndikudziwa. Anandiyang'ananso kachiwiri, ndipo sindidziwa chimene anaona pankhope panga, koma anatembenuka, nakwera pa lole, n'kuyambitsa nyimbo. Anasankha yaitali kuposa zonse za m'buku, ndipo amayi a mpingo anailandira. Pamaliro nyimbo ikayamba palibe mwamuna angakankhe galimoto. Sindinadzuke mpaka Gift atandiponyera kiyi, ndipo mwala utaikidwa ku gudumu.

Ndinayamba ndi hutala. Inalira mwamphamvu, kusonyeza kuti batire inalibe mlandu. Ndinatenga bokosi langa la zitsulo kuseri kwa mpando, ndinaika sipanala pa nati yaikulu ya kutsogolo kwa injini, n'kuyesa kuizunguza ndi manja. Chambuyo inkabwerera pang'ono. Chakutsogolo inkafika pamalo amodzi n'kuima nji. Chinali chimene ndinkaopa. Koma madzi akanachokera kuti? M'mawawo sitinadutse pa chithaphwi chilichonse chozama, ndipo m'radiyeta madzi anali odzaza monga ndinawasiyira. Pamenepo ndinaona kuti kanati ka pa chivundikiro cha sefa ya mpweya kanali komasuka, pamene ine dzulo lake ndinakamanga ndekha. Nditatsegula, fungo linandimenya m'mphuno, lakuthwa ngati la palafini wosakaniza ndi utoto.

Gift anali ataima pambali panga, thukuta likutsika m'khosi.

"Yamwa chani?" ndinamufunsa chapansipansi.

"Kulibe, bakamba," anatero, pondilemekeza ngati mkulu wake.

"Gift, ine nakamba na mainjini ukalibe kubadwa. Yamwa chani?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anapisa dzanja pansi pa mpando n'kundionetsa botolo lopanda kanthu. Anati analigula kwa munthu wina pa msika, amene anamuuza kuti utsi wonse utha akathira botolo lonse mu kabuleta, kukhosi kwa injini kuja, injini ili chizimire, n'kulisiya lilowerere. Iye anaona kuti nthawi ya mapemphero ndiyo yabwino, kuti potuluka amayi apeze lole yosafuka. Ndinawerenga pepala la pa botolo. Anali mankhwala othira m'thanki, botolo limodzi pa thanki yodzaza. Zinalembedwa poyera, ndi chithunzi chomwe.

"Bakamba, napapata, osakamba," anachonderera. "Bazanichotsa nchito. Nili na bana batatu."

Apa ndi pamene panali povuta, osati pokhala m'matope paja. Gift ndinkamukonda. Anachita zimenezi chifukwa chotopa ndi kusekedwa, pa vuto limene komiti inakana kukonza. Ndikanatha kutulutsa mankhwalawo mwakachetechete, lole n'kulira, ine n'kunena kuti kanali kawaya. Koma ndinadziwa kuti ba Lombe akanapita kwawo akunena kuti mng'ono wawo anakana ola lathunthu mpaka anapembedzedwa ndi nyimbo, ndipo nkhani ikanathera pa nyumba ya zipinda zitatu ija.

"Baja bali na bana banayi," ndinamuuza, "ndipo sibanathile kanthu mu injini. Nizachotsa mapulagi sikisi. Pamene nizachotsa yothela, ukambe weka. Ukakangiwa, nizakamba ine."

Kenaka ndinapita kwa ba Lombe n'kuwapempha mwaulemu kuti abwere aime pafupi ndi ine. Anakana poyamba. Ndinawauza kuti iwo ndiwo mwini maliro, ndipo si bwino kuti amve za m'injini kuchokera kwa anthu ena. Anabwera, manja ali kumbuyo. Ndinazula waya wa koyilo kuti pasakhale moto uliwonse, chifukwa mankhwala amenewa amayaka, ndipo ndinathamangitsa akulu awiri amene anali ndi ndudu m'manja. Ndinayala mpango wanga pa bampala n'kuyamba kumasula mapulagi, kuwaika motsatana monga anakhalira. Yoyamba youma. Yachiwiri youma. Yachitatu yonyowa pang'ono. Yachinayi inatuluka ikudontha. Nditachotsa yachisanu ndi chimodzi ndinayang'ana Gift. Maso ake anali pa nsapato zake.

Ndinapatsa ba Lombe nsanza yoyera kuti aigwire pa bowo la pulagi yachinayi, nkhope aike kumbali, ine n'kuzunguza injini ndi sipanala. Malo amene inkaima paja inadutsa, ndipo pa bowolo panatumphuka zamadzi zofiirira, zinanyowetsa nsanza yonse ndi mkono wa malaya awo. Anadumpha chambuyo. Ananunkhiza zala zawo.

"Ni palafini iyi?"

"Ni mubale wake," ndinatero. "Ni munkhwala wotsukila injini. Wangena pamene pafunika mphepo chabe."

"Wangena weka?"

Nyimbo inali itatha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma Gift anandiyambirira. Anakweza botolo lija m'mwamba.

"Nine, batata. Nine nathila, pamene munali mu chalichi. Nenze kufuna kusiliza chusi."

Ba Kapembwa anagwira kumutu. Koma ba Lombe sanali munthu wogonja msanga.

"Motoka iyi yakhala na chusi zaka zingati?" anafunsa. "Nanga n'chifukwa chani athila lelo, pa malilo ya mufana wanga? Anamutuma ni ndani?"

Funso limenelo sindinaliyembekezere, ndipo sipanala siikanaliyankha. Amene anayankha anali mayi wina wachikulire wa mpingo wathu, ali pamwamba pa lole.

"Tinamutuma ndise, mukwai. Pa Mande, pa malilo ya ku Lilanda, ine namuuza kuti akabwela futi na chusi nizamuchapitsa bulauzi yanga na ya bonse. Onani kolala iyi. Ngati mufuna mfwiti, ni ine na kamwa yanga."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Ba Lombe anapukuta zala pa nsanza, nayang'ana bokosi kwa nthawi.

"Chabwino," anatero. "Bwezani vinthu vanu. Ikalila, tiyenda. Ikakana futi, tizankhala pansi pamene pano, tikambe."

Tsono zonse zinatsamira pa chinthu chimodzi chimene ine sindinkachidziwa. Gift anali atapotoza kiyi kawiri. Sitata ilibe mphamvu ya amuna makumi awiri pamtsetse, koma nthawi zina imakwanitsa kupinda mkono wa pisitoni pang'ono, ndipo zimenezo suziona ndi maso uli panja. Ndinayala nsanza pa mabowo onse, anthu atafutukira kutali, ndipo ndinazunguza injini ndi sitata, mapulagi ali kunja, mpaka pa mabowo panasiya kutuluka nkhungu. Ndinasolola ndodo ya oyilo. Mlingo sunakwere, ndipo fungo linali lochepa, choncho ndinaona kuti ingafike kumanda ndi kubwerera ngati tiyenda pang'onopang'ono. Ndinapukuta mapulagi imodziimodzi, kuwaumitsa, n'kuwabwezera. Ba Kapembwa ankayang'ana wotchi ndi mitambo, akuguguda lilime. Ndinazunguzanso injini ndi manja kawiri kathunthu. Inadutsa bwino. Ndinalumikiza koyilo, ndinapukuta pansi pomwe panadonthera, n'kukwera ndekha pa mpando wa woyendetsa.

Ndinapotoza kiyi. Inazungulira, inatsokomola, inazima. Kumbuyo kunamveka mawu a mlongo uja. Ndinawerenga mpaka khumi. Ndinapotozanso, phazi lili pansi pa mafuta. Inatsokomola kawiri, katatu, kenaka inagwira. Utsi woyera unatuluka wochuluka kuposa umene loleyo inatulutsapo moyo wake wonse, unakuta amayi, bokosi, tchalitchi ndi ba Kapembwa omwe. Palibe mayi anadandaula za bulauzi. Ine sindinasangalale msanga. Ndinatsika, ndinaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pa khutu, n'kumvetsera silinda iliyonse, makamaka yachinayi. Munalibe kugogoda. Inkalira mofanana, monga dzulo lake.

Utsi utachepa ndinaona ba Lombe ataima pamaso pa amake Chanda. Chipewa chinali m'manja.

"Mulamu," anatero, "kwelani. Munkhale kumutu kwa bamuna banu."

Za pambuyo pake ndinene mwachidule. Oyilo ndi sefa ndinasintha madzulo a tsiku lomwelo. Komiti inafuna kuchotsa Gift, koma ndinapita ku msonkhano ndi makope a makalata anga atatu a timphira tija, n'kuwawerenga mokweza limodzilimodzi. Anamupatsa chenjezo, ndipo timphirato tinagulidwa sabata yotsatira. Kwa miyezi iwiri Gift sankandipatsa moni. Tsopano amabwera ndi botolo lililonse kuti tiwerengere limodzi asanalitsegule. Abale a ba Mwila anatenga zitsulo za ukalipentala ndi njinga, nyumba anaisiya. Suti siinachire.

Tsiku lomwelo, kumanda

Kumanda ndinayendetsa ndine, Gift atakhala pambali, ba Lombe ali kukhomo. Ine khutu linali ku injini, pa chitunda chilichonse ndikudikira kugogoda kumene sikunabwere. Tinafika mvula isanagwe. Bokosi linatsitsidwa, anthu analitsatira pakati pa mitumbira, ndipo ine ndinatsala ku lole, injini ikulira, chifukwa ndinkaopa kuizimitsa. Ndili pamenepo ndinkaona chapatali abusa akuwerenga, kenaka anthu akupatuka kupereka njira. Woyamba kuponya dothi anali amake Chanda, ndipo amene anawagwira mkono kuti asaterereke m'matope anali ba Lombe.

Pamenepo ndinazimitsa injini. Ndinadikira pang'ono, n'kupotozanso kiyi. Inalira nthawi yomweyo. Ndinaizimitsanso n'kutsika. Ndinakhala pa chopondera cha lole, manja akuda ali pa mawondo a suti, ndikupuma ngati munthu amene watula thumba la simenti. Madontho oyamba a mvula anandipeza pomwepo, ndipo sindinasunthe.